Adokotala akuti chepetsani, abale akuti onjezerani

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi, ambiri amaganiza kuti mdani wake wamkulu ndi njala. Koma kwa Amalawi ambiri nkhondo yeniyeni ili pa kuyankha apongozi, alamu ndi anzawo a kuntchito amene amaona kukana chakudya ngati chipongwe. Kodi munthu angakane bwanji mbale popanda kudula chibale?

Tsikulo lidali Loweruka, kuchinkhoswe cha mwana wa achimwene awo ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Mayi anga aang'ono adali atatha masabata atatu osalawa chakumwa cha m'botolo, nsima akudya mtanda umodzi, tiyi akumwa wopanda shuga.

Kuchipatala adali atawauza mosapita m'mbali kuti BP yakwera, shuga wayamba kupitirira muyeso, ndipo makilogalamu 91 pa msinkhu wawo ndi katundu wolemetsa mtima ndi maondo.

Nthawi ya chakudya itakwana, alamu awo adatulukira ndi mbale yosefukira: mpunga, tchipisi, nkhuku yokazinga ndi nyama yambuzi, pambali botolo lozizira bwino.

"Alamu, nditapulireniko, adokotala adandiletsa," adatero mayiwo chapansipansi.

"Aaa, lero lokha! Adokotalawo ali pano? Kapena mwayamba kunyansidwa nafe?" adayankha alamuwo mokweza, amayi onse pamkeka n'kufa nalo phwete.

Mbale ija idatha yonse. Lamulungu kudali msonkhano wa amayi a kutchalitchi komwe kudali mandasi ndi sobo. Lachiwiri mnzawo wa kuntchito adabweretsa keke ya tsiku lake lobadwa. Lachisanu kudali banki mkhonde. M'sabata imodzi, "lero lokha" lidachitika kanayi.

Atabwerera kuchipatala patatha mwezi, sikelo idaonetsa nambala yomwe ija. Iwo adandiuza kuti njala sidawavute ngakhale pang'ono. Chidawagonjetsa ndi manyazi.

Nkhani ya mayiwa ndi ya anthu ambiri m'dziko muno amene akufuna kutsatira malangizo a achipatala, koma tsiku lililonse amakumana ndi dzanja lachikondi litanyamula chomwe adaletsedwa.

Kukana chakudya n'kukana munthu

Pachikhalidwe chathu, chakudya sichingothetsa njala. Ndi moni, ndi ulemu, ndi chizindikiro chakuti pakati pa anthu awiri palibe chakukhosi. Mlendo akafika pakhomo nkhuku imataya moyo, ndipo makolo adati chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala.

N'chifukwa chake wokana chakudya amafunsidwa mafunso ambiri. Ena amati ndi matama a m'tauni. Ena amati wakwiya. Kumadera ena mwini khomo amafika poganiza kuti mlendoyo akumukayikira kuti amuthirira mankhwala m'ndiwo. Mkamwini kapena mtengwa amene wasiya nsima kwa apongozi amadziwa kuti nkhaniyo ikambidwa iye akachoka.

Palinso mbiri yomwe idatiphunzitsa kuopa kuonda. Agogo athu amakumbukira njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tidaona ya 2002 pomwe anthu adadya gaga ndi zitsa za nthochi. Kwa munthu amene adadutsa m'zoterezi, thupi lonenepa ndi umboni wakuti pakhomo pali mtendere. "Mwanenepatu!" ndi mawu oyamikira. Mayi akanenepa amati banja lamuyanja, bambo akatulutsa mimba amati ndalama zayamba kuoneka.

Kenako kudabwera Edzi, yomwe idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. Kwa zaka pafupifupi 20, boma lisadayambe kupereka mankhwala a ma ARV aulere mu 2004, anthu adaona abale awo akutha thupi mpaka kumwalira. Dzina lakuti kaliwondewonde lidakhazikika m'mitu. Lero anthu omwe ali ndi HIV akukhala athanzi ndi mankhwala, koma kalozedwe ka zala sikadathe. Munthu akatsika makilogalamu asanu okha, wina amamukokera pambali n'kumufunsa ngati zonse zili bwino.

Choncho amene akuchepetsa thupi kuno kwathu akulimbana ndi zinthu ziwiri: chilakolako chake, komanso maso a anthu.

Zomwe ziwerengero zikunena

Pomwe ife tikuyamikirana kunenepa, matenda omwe kale tinkati ndi a azungu kapena a anthu olemera akulowa m'makomo mwakachetechete.

Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adapeza kuti mwa anthu a zaka zapakati pa 25 ndi 64, mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Oposa 90 mwa 100 alionse omwe adapezeka ndi vutoli sankadziwa kapena sankamwa mankhwala. Pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse adali ndi matenda a shuga.

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali ndi thupi lopitirira muyeso. M'matauni chiwerengerochi chidafika pa 36. Mu 1992 chidali cha m'ma 10 okha.

Nalo bungwe la Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit lidayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe komanso m'midzi ya ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2018, zidati amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni ndi 27 a kumudzi adali onenepa mopitirira muyeso. Kwa abambo chiwerengero chidali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi.

Izi zikuchitika m'dziko lomwe kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja adapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osapitirira zaka zisanu adali opinimbira kaamba ka kusowa zakudya zoyenera. Mavuto awiriwa amatha kupezeka pakhomo limodzi, mayi wonenepa kwambiri atabereka mwana wopinimbira.

Achipatala amayeza muyeso wa thupi pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi kutalika kwake m'mamita, kenako n'kugawanso ndi kutalika komweko. Yankho likafika 25 ndiye kuti thupi lapitirira, likafika 30 ndiye kuti lafika poopsa. Mwachitsanzo, munthu wamtali mamita 1.6 amafika pa 25 akalemera makilogalamu 64, ndipo amafika pa 30 akalemera pafupifupi makilogalamu 77.

Thupi likapitirira chonchi, mpata wodwala shuga, BP, matenda a mtima ndi impso komanso kufa ziwalo umakula. Awa ndi matenda a moyo wonse, ofuna mankhwala tsiku ndi tsiku komanso ndalama zoyendera kuchipatala mwezi ndi mwezi.

Si kufooka mtima kokha

Ambiri akalephera kudziletsa pagulu amadziimba mlandu kuti alibe khama. Koma akatswiri adapeza kalekale kuti kadyedwe ka munthu kamatengera amene wakhala nawo.

Katswiri wa za maganizo wa ku America, John de Castro, adapempha anthu kuti azilemba chilichonse chomwe adya komanso anthu omwe adya nawo. Adapeza kuti munthu akamadya ndi ena amadya chakudya chochuluka ndi 44 peresenti kuposa akamadya yekha, ndipo gulu likamakula chakudyanso chimachuluka. Chifukwa china n'chakuti pagulu anthu amakhalitsa pambale, nkhani zikukoma, dzanja likungopita ndi kubwera.

Mu 2007 akatswiri ena awiri, Nicholas Christakis ndi James Fowler, adaunika mbiri ya anthu 12,067 a m'kafukufuku wa ku Framingham m'dziko la America omwe adatsatiridwa kwa zaka 32. Adapeza kuti munthu amene mnzake wanenepa kwambiri, mpata woti nayenso anenepe umakwera ndi 57 peresenti. Akanenepa mbale wake wobadwa naye mpatawo umakwera ndi 40 peresenti, pomwe akanenepa mwamuna kapena mkazi wake umakwera ndi 37 peresenti.

Kafukufukuyu adachitikira kutali, koma aliyense amene adakhalapo pagulu la anyamata Lachisanu madzulo akudziwa mmene zimakhalira. Wina akaponya raundi, aliyense ayenera kubweza. Mbale ya kanyenya kapena mang'ina ikafika, wokana amafunsidwa ngati akazi ake amuletsa. Masana ku ofesi anzako akati tiyeni pachiwaya, kutulutsa kontena ya nyemba ndi mbatata kumafuna mtima wolimba.

Kumisonkhano ya m'mahotela nako n'chimodzimodzi. Cha m'ma 10 koloko tiyi ndi samusa, masana mpunga, tchipisi ndi nyama zamitundu iwiri, cha m'ma 3 koloko keke ndi botolo lina. Popeza n'zaulere, ambiri amaona ngati kusiya n'kuluza.

Masamu a shuga ndi osavuta. Bungwe la WHO mu 2015 lidalangiza kuti munthu wamkulu asamapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga woonjezera patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo lidati ndi bwino koposa kutsika kufika pa masupuni 6. Botolo limodzi la 300ml la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. Womwa mabotolo awiri paukwati wapitirira kale muyeso wa tsiku lonse asadawerengere tiyi wa m'mawa. Pa mchere, bungweli limati tsiku lonse usapitirire magalamu 5, omwe ndi supuni yaing'ono imodzi.

Kukana nsalu ya akulu n'kuviika

Makolo athu adadziwa kuti pali zinthu zomwe sungakane maso ndi maso. Adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, kutanthauza kuti wanzeru amapeza njira yokanira popanda kunyoza. Nzeru yomweyi ndi imene ikufunika pambale.

Choyamba ndi kulankhula tsiku lisadafike. Kukana chakudya chitaphikidwa kale, nkhuku itaphedwa, anthu akuonerera, kumachititsa manyazi wophika. Koma kuimba foni dzulo lake n'kunena kuti, "Amayi, ndikubwera mawa, koma achipatala adandiletsa zokazinga ndi zotsekemera, ndiye musavutike, nkhwani wotendera uja andikwanira," kumapatsa mwini khomo mpata wokulandirani bwino mwanjira ina. Ambiri amakondwa kuti mwatchula ndiwo zomwe iwo amazidziwa kuphika kwake.

Chachiwiri ndi kutchula chifukwa chenicheni. Mawu akuti "ndili pa dayati" ambiri amawamva ngati zachibwana kapena zofuna kuoneka bwino. Mawu akuti "BP yanga idakwera" kapena "adandipeza ndi shuga" amatseka pakamwa, chifukwa mabanja ambiri ali ndi wina amene adafa ziwalo kapena kudulidwa mwendo. Kunena chilungamo kumachepetsanso mphekesera. Anthu akadziwa kuti mukuonda mwadala, alibenso chonong'onezana.

Komabe matenda anu ndi chinsinsi chanu. Ngati simufuna kuulula, mawu ochepa okha akwanira: "Zikomo kwambiri, ndakhuta." Bwerezani mawu omwewo mwaulemu kachiwiri ndi kachitatu. Mukayamba kufotokoza zambiri mumatsegula khomo la mtsutso, ndipo pamtsutso wa chakudya wokakamiza ndiye amapambana.

Chachitatu ndi kulandira koma mwamuyeso. Sambani m'manja, khalani pamodzi ndi anzanu, yamikirani wophika. Ngati n'kotheka dzigawireni nokha. Akatswiri a kadyedwe amalangiza kuti theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nsima, mpunga kapena mbatata, ndipo gawo lotsalalo likhale nyemba, nsomba, mazira kapena nyama. Munthu amene akudya pang'onopang'ono, mbale yake ili ndi kanthu, sakakamizidwa ngati amene wakhala chimanjamanja.

Chachinayi ndi kupempha china m'malo mwa chomwe mwakana. Mwini khomo akufuna kuona kuti wakupatsani kanthu. Mukakana botolo, pemphani madzi kapena tiyi wopanda shuga. Mukakana mandasi, funsani ngati pali chimanga chootcha, mtedza kapena papaya. Akaumirira ndithu, pemphani kuti akukulungireni mukagawane ndi a kunyumba. Nsalu yaviikidwa, palibe wanyozeka.

Chachisanu ndi kusapita kumwambo ndi njala. Maukwati ndi zinkhoswe zathu zimachedwa, perekaniperekani amatha maola, chakudya n'kufika anthu atafooka. Munthu wanjala sasankha. Nthochi ziwiri kapena mtedza wodzaza dzanja musadanyamuke zimathandiza kuti mukafike ndi mutu wanu.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kukonzeratu yankho. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Peter Gollwitzer, adaonetsa kuti anthu amakwaniritsa zolinga zawo mosavuta akakonzeratu kuti chakuti chikachitika adzachita chakuti. Musadalowe mu holo dziuzeni kuti akabweretsa kireti ndidzatenga madzi, akati ndionjezere nsima ndidzaonjezera masamba. Nthawi ikafika simuganizanso, mumangochita.

Pomaliza, pezani wokuimirani. Mutu umodzi susenza denga. Mwamuna akanena yekha kwa amayi ake kuti, "Mpongozi wanuyu adamuletsa ndi adokotala, tonse kunyumba tikudya choncho," nkhani imathera pomwepo. Ku ofesi, anthu awiri obweretsa chakudya chakunyumba sasekedwa ngati mmodzi.

Mukaterereka tsiku lina, si mapeto a ulendo. Mbale imodzi ya pachinkhoswe siwononga ntchito ya mwezi wonse. Chomwe chimawononga ndi kunena kuti popeza ndalakwa kale, basi ndisiye.

Phindu lake ndi lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2002, adatsatira anthu oposa 3,000 omwe shuga wawo adali atayamba kukwera. Omwe adathandizidwa kusintha kadyedwe, kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pasabata ndi kulinga kutsitsa 7 peresenti ya kulemera kwawo, mpata wawo wodwala shuga udatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wolemera makilogalamu 91, apa tikukamba za makilogalamu 6 kapena 7 okha.

Kuchepetsa si kudzikhaulitsa

Pali chenjezo lofunika. Kuchepetsa thupi sikutanthauza kugona ndi njala kapena kusiyiratu nsima. Unduna wa zaumoyo umalimbikitsa kudya kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, zamtundu wa nyemba, zochokera ku nyama ndi zamafuta. Chofunika ndi muyeso. Mgaiwa, bonongwe, chisoso, therere, usipa, nandolo ndi magwafa ndi zakudya zabwino zomwe sizifuna thumba lalikulu.

Amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni wa insulin asamadumphe chakudya, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana ndi omwe akudwala matenda ena asayambe kuchepetsa thupi asadafunse achipatala. Matiyi ndi mapilitsi ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti olonjeza kusungunula mafuta m'sabata imodzi ndi ofunika kusamala nawo.

Komanso abale amene amada nkhawa munthu akaonda sikuti nthawi zonse amalakwa. Kuonda kopanda chifukwa, munthu akudya monga mwa masiku onse, kukhoza kukhala chizindikiro cha TB, HIV, khansa kapena shuga yemwe. Woteroyo apite kuchipatala msanga. Ndipo ngati wachibale akukaniratu chakudya, akudzibisa podya kapena akupitiriza kuonda thupi litatha kale, ameneyo akufunika thandizo, osati kuyamikiridwa.

Uthenga kwa opereka mbale

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya ife amene timagawa. Ambiri amene amakakamiza anzawo kudya alibe mtima woipa. Akuonetsa chikondi mwanjira yomwe adaphunzira. Ena amangofuna mnzawo wodya naye kuti asadzimve olakwa okha.

Koma chikondi chomwe chikukweza BP ya mlendo n'chofunika kuchiunikanso. Mlendo akakana kamodzi, funsani ngati pali china chomwe angakonde. Akakana kawiri, msiyeni. Musamuseke pagulu, musamufunse za thupi lake anthu akumva. Pokonza mwambo, kireti ya madzi ndi beseni la ndiwo zamasamba sizidula kuposa zomwe timagula kale. Wodwala akagonekedwa, onse aja ankati "lero lokha" amabwera kudzazonda Lamulungu masana n'kubwerera kwawo, wotsala naye usiku ndi mwana kapena mkazi wake.

Mayi anga aang'ono adaphunzira izi movutikira. Khirisimasi isadafike, adapita okha kwa alamu awo aja tsiku lopanda mwambo, atatenga kabuku kawo ka kuchipatala. Adakhala pakhonde awiriwiri n'kuwaonetsa manambala a BP a miyezi itatu. Sadakangane, sadakumbutsane za pachinkhoswe.

Patsiku la Khirisimasi adapeza mphika wa nkhwani wotendera ndi nkhuku yachikuda yowiritsa zitaikidwa padera. Mpunga adadzigawira okha.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano ndipo atsika makilogalamu 6. Mankhwala a BP akumwabe, koma maondo asiya kuwawa ndipo akukwera chitunda cha kwawo osapumira panjira. Ku banki mkhonde alipobe amene amawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo wina adawafunsa ngati kunyumba kuli mtendere.

Nawo alamu aja sadasinthiretu. Akawaona amagwira pakamwa n'kunena kuti, "Koma alamu mwathatu!" Kenako amalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya madzi.